Lekani Kunamizira Kabuleta

Pali mlandu umene wakhala ukuzengedwa m'magalaja a dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo wozengedwayo amapezeka wolakwa asanafunsidwe n'komwe. Galimoto yakale ikangotsokomola pamtunda n'kuzima, chigamulo chimakhala chili kale pamlomo: "Bwana, ndi kabuleta iyi." Ikakhala ya dizilo amati ndi pampu ya mainjekita. Palibe wofufuza, palibe mboni, palibe umboni. Mwini galimoto amangopisa m'thumba, chitsulo chatsopano n'kumangidwa, matenda n'kutsala pomwe anali. Ine ndatenga cholembera kuti ndiimire kabuleta pamlandu umenewu, chifukwa bodzali linandidyera ng'ombe yathunthu, ndipo linatsala pang'ono kundidyera malume anga.

Galimoto yanga ndi Land Rover ya mtundu wa Series III, yaitali ija ya pikiapu, yomwe ndinagula pa okushoni ya esiteti ina ya fodya. Magalimoto a Land Rover anayamba kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England, mu 1948, ndipo mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Amene anakula m'zaka zimenezo sayenera kuuzidwa kuti galimotoyi ndi yotani. Ndiyo inkanyamula apolisi, ansembe, akuluakulu a paboma ndi odwala a kumidzi komwe msewu umathera mumtsinje. Injini yake ya petulo ndi ya masilinda anayi, kukula kwake 2286cc, ndipo ilibe kompyuta kapena kachipangizo kalikonse kobisika. Paliponse pamene mafuta amadutsa munthu angathe kupaona ndi maso n'kupagwira ndi manja. N'chifukwa chake ndikunena kuti kukonza galimoto yotere mongoganizira ndi ulesi wopanda chowiringula.

Ulendo wa petulo m'galimotoyi ndi waufupi kwambiri, woti mwana wa sitandade 8 angaujambule pansi ndi kamtengo. Thanki yake, ya malita pafupifupi 45, ili pansi pa mpando wa dalaivala. M'kati mwa thankimo muli kapaipi koyamwa mafuta, ndipo kunsonga kwake kuli kasefa ka waya. Kuchoka pamenepo mafuta amatsata paipi kukafika pa pampu ya AC, yomangidwa m'mbali mwa injini, imene imapopa chifukwa chokankhidwa ndi kamushafuti. Pa pampupo pali kabotolo kagalasi momwe madzi ndi zinyalala zimadikha, komanso kachitsulo kopopera ndi chala. Pomaliza mafuta amakwera n'kulowa mu kabuleta ya Zenith, yomwe imawasakaniza ndi mpweya. Taonani kuti kabuleta ili kumapeto kwenikweni kwa mzere. Imangolandira chimene yapatsidwa. Kuikalipira pamene thanki sikutumiza kanthu n'chimodzimodzi kuswa mtsuko chifukwa chakuti chitsime chaphwa.

Munali m'chaka cha 2011, chaka chimene tinkagona pamizere ya mafuta, pamene galimoto yanga inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa inkalira bwinobwino. Pamsewu wosalala inkayenda ngati yatsopano. Koma ikangoyamba kukwera mtunda, kapena ndikaiponda kwa nthawi yaitali, inkayamba kudodoma, mphamvu n'kumachepa, kenako zii. Ndikadikira mphindi khumi kapena kuposerapo, inkaliranso ngati palibe chachitika.

Pa galaja yoyamba mnyamata anatsegula boneti, n'kugwedeza mutu ngati sing'anga waona mfiti, ndipo anati kabuleta yatha. Ndinagula ina. Patatha masiku atatu galimoto inazimanso. Anati ndiye kuti pampu yatopa. Ndinagula pampu. Inazimanso. Pa galaja yachiwiri anaseka ntchito ya anzawo aja, nati vuto lili ku moto, choncho ndinagula koyilo, mapulagi ndi kondensa. Mwa anthu onsewa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti galimotoyo imazima nthawi yanji, pamalo otani, nanga mafuta ndimagula kuti. Panalibe amene anakweza mpando wa dalaivala. Pamene miyezi iwiri inkatha, ng'ombe imene ndinkasungira fizi ya ana inali itasanduka zitsulo zonyezimira pansi pa boneti, koma galimoto inali ikadali ndi nthenda yake.

Tsiku limene ndinazindikira kuti nkhaniyi si yamasewera linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Malume anga anadwala chibayo kumudzi kwathu kufupi ndi Golomoti, ndipo a pachipatala chaching'ono anatiuza kuti tithamangire nawo ku Dedza. Tinawagoneka pamatilesi kumbuyo, azakhali atawagwira mutu. Amene anadutsapo pa Khwekhwerere akudziwa mmene msewu umenewu umapindikirapindikira pokwera phiri. Tisanafike n'pakati pomwe, Land Rover inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinadikira, ndinaliza, tinayenda pang'ono, inazimanso. Kachitatu batire inayamba kufooka. Kumbuyo ndinkamva kupuma kwa malume ngati munthu akucheka thabwa.

Apa m'pamene panatulukira mkulu wina wa imvi akukankha njinga yake, atamangirira thumba la mbatata. Anaima, anatipatsa moni, anasuzumira kumbuyo n'kuona wodwala, kenako anatsamiritsa njinga pamwala.

"Yatani galimotoyi, mwana wanga?"

"Akuti ndi kabuleta, bambo, koma ndasintha kale."

"Wakuuza zimenezo ndani? Galimotoyi kapena anthu?"

Ndinasowa poyankha. Mkuluyo anandiuza kuti anayendetsa ambulansi ya mtundu womwewu pa mishoni ina kwa zaka zambiri asanapume. Zida zimene anapempha zinali sipanala imodzi, sikuludalaiva, kachubu ndi botolo loyera. Choyamba anazula waya wapakati wochokera ku koyilo, anauyandikiza ku chitsulo cha injini, n'kundiuza kuti ndilize pang'ono. Moto unathetheka wabuluu. "Kumoto kulibe mlandu," anatero. Kenako anamasula paipi yolowa mu kabuleta, anailozetsa m'botolo, n'kupopa kachitsulo ka pa pampu kaja. Munangodontha timadontho. "Waona? Kabuleta yako ikufa ndi ludzu. Tsopano tifunse pampu." Anamasula paipi yochokera ku thanki, analumikiza kachubu kake n'kukaviika mu petulo amene ndinali naye m'kachigubu. Atapopa, mafuta anatumphuka mwamphamvu. "Pampu nayonso ilibe mlandu. Wakuba ali pakati pa pano ndi thanki." Anatsegula chitsekerero cha thanki atatchera khutu, kuti amve ngati mpweya ungalowe mwaphokoso, koma kunali zii. Ndiye anandiuza kuti ndichotse mpando wanga.

Atamasula kapaipi koyamwa mafuta, kasefa kake kanali kofiira ndi dzimbiri. Anapinda kawaya, anavundula nako m'thankimo modekha ngati wowedza, ndipo anatulutsa kachidutswa ka jumbo kakuda, kosaposa chikhatho cha mwana. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Anyamata ogulitsa petulo m'zigubu amayamba aphimba pakamwa pa chigubu ndi jumbo asanatseke, kuti mafuta asatayike. Kachidutswa kena kanagwera m'thanki yanga tsiku lina pothira. Injini ikamakoka mafuta ambiri pamtunda, kajumboko kankayamwidwa n'kumata pa kasefa komwe kanali katatsekeka kale theka ndi dzimbiri. Injini ikazima, kukoka kunkatha, kajumbo n'kuyandama kupita kwina, galimoto n'kuliranso. Ntchito yonseyi inatenga nthawi yosakwana ola limodzi. Mkulu uja anakana ndalama, anangoti, "Thamanga ndi wodwalayo." Tinafika ku chipatala kutada, ndipo malume anachira patatha milungu iwiri. Sindikufuna kuganiza zimene zikanachitika mbatata zija zikanadutsa njira ina.

Tsopano ndiloleni ndinene zimene zili kukhosi. Mkulu uja sanachite zamatsenga. Anangofunsa mafunso motsatana, ndipo funso lililonse linkadula theka la okayikiridwa. Kodi ndi moto kapena mafuta? Ngati ndi mafuta, kodi akufika pa kabuleta? Ngati sakufika, kodi pampu ikupopa ikapatsidwa mafuta kuchokera kwina? Ngati ikupopa, chatseka njira n'chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amakaniko aja anali ndi mabokosi odzaza masipanala, koma analibe funso ndi limodzi lomwe. Munthu wotere si makaniko, ndi wamalonda wa zitsulo wovala ovolosi. Amayamba ndi chitsulo chodula kwambiri n'kumatsika, pomwe nzeru imati yamba ndi chimene kuchiyesa sikulira tambala.

Zifukwa zimene galimoto yakale imaferera ludzu n'zowerengeka, ndipo zambiri zimadziulula zokha kwa munthu wofuna kumva. Chitsekerero cha thanki chili ndi njira yolowetsa mpweya. Ikatsekeka ndi fumbi, mafuta akamachepa m'thanki mumasowa cholowa m'malo mwake, mpaka pampu imalephera kukoka. Galimoto yotere imayenda makilomita angapo n'kuzima, ndipo mukatsegula chitsekerero mumamva mpweya ukulowa mofuula. Mankhwala ake ndi kutsuka basi. Kabotolo kagalasi kaja kali ndi kamphira kotsekera pamwamba pake. Kakauma kapena kakakhala mopendekeka, pampu imayamwa mpweya m'malo mwa petulo. Chovuta n'chakuti mbali imeneyi ndi yokoka, choncho nthawi zambiri simuona mafuta akudontha. Mumangoona tithovu m'kabotolomo. Paipi ya mphira yong'ambika pang'ono imachitanso chimodzimodzi. M'kati mwa pampu muli kachikopa kamene kamakwera n'kutsika popopa. Kakabooka, petulo amatsikira mu oyilo wa injini. Mukaona oyilo akuchuluka yekha pa kandodo koyezera, ndiponso akununkha petulo, musayendetsenso galimotoyo, chifukwa oyilo wosungunuka chotero amapha injini. Palinso vuto la kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kumadera ngati Nsanje, Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja, petulo amatha kuwira m'paipi yoyandikana ndi injini n'kusanduka nthunzi, ndipo pampu sipopa nthunzi. Kansalu konyowa koikidwa pa pampu kakaidzutsa galimotoyo, mwalipeza vuto, ndipo chofunika n'kuitalikitsa paipi ku moto.

Ngakhale kachitsulo kopopera ndi chala kamapusitsa osadziwa. Injini ikaima pamene kamushafuti yakankha kale mkono wa pampu, kachitsuloko kamangoyenda lobodo osapopa kanthu. Wopupuluma amati pampu yafa. Wodziwa amatembenuza injini pang'ono n'kuyesanso. Ndipo chifukwa chimene mkulu uja anayambira ku moto n'chakuti koyilo kapena kondensa yotopa imanamizira ludzu: galimoto ikatentha imadodoma, ikazizira imalira. Matenda awiri ofanana nkhope amasiyanitsidwa ndi kuyesa, osati ndi kukweza mawu.

Kodi ndikunena kuti kabuleta silakwa konse? Ayi. Zenith ili ndi zofooka zake zodziwika. Zigawo zake zimatha kupindika ndi zaka, kamphira ka m'kati kamatha, kasingano kotseka mafuta kamamatirira, timabowo take timatsekeka. Koma ifunsidwe pomaliza, titatsimikiza kuti mafuta oyera akufika pakhomo pake mokwanira. Ndipo ikapezeka yolakwa, kawirikawiri imafuna kutsukidwa ndi kusinthidwa timphira, osati kutayidwa. Zomwezi n'zoona pa Land Rover ya dizilo. Mpweya wolowa m'mapaipi, fyuluta yotsekeka, kapena madzi m'mafuta ndizo zimaigwetsa kawirikawiri, ndipo kutulutsa mpweyawo ndi ntchito ya sipanala ndi chala. Koma mudzapeza munthu akumasula pampu ya mainjekita pansi pa mtengo wa mango, pafumbi, chipangizo chimene chimafuna ukhondo ngati wa m'chipinda cha opaleshoni. Akamaliza, galimoto imene inkangodwala chimfine imakhala maliro.

Pali chinthu china chimene amakaniko athu anayenera kuchidziwa kuposa anzawo a maiko ambiri. Kuno kwathu petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ndi nzeru yabwino yopulumutsa ndalama zakunja, ndipo sindikuitsutsa. Koma ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikakhala miyezi osayenda, thanki ili theka, madzi amasonkhana pansi n'kuyamba kudya chitsulo. Ethanol amaumitsanso kapena kufewetsa mphira za mtundu wakale, ndipo amasungunula litsiro limene linamatirira m'thanki kwa zaka n'kulitumiza ku masefa. Munthu wokonza galimoto yakale m'Malawi amene saganizira za thanki, mapaipi a mphira ndi kachikopa ka pampu ali ngati mlimi wa ku Nsanje wosadziwa kuti Shire amasefukira.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Oyamba ati makaniko nayenso ayenera kudya, ndipo munthu amene watsuka chitsekerero sangalipiritse ndalama yooneka. Apa pali choonadi chowawa, ndipo chikuloza ife eni magalimoto. Ndife amene timalemekeza chitsulo kuposa nzeru. Makaniko akatha ola lathunthu akufufuza n'kutulutsa kajumbo, timamupatsa ya sopo n'kumati sanagwire ntchito. Akatimangira kabuleta yonyezimira timalipira mokondwa, ngakhale ikhale yachinyengo yosafika n'komwe pa yakale imene wachotsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife ndife tawaphunzitsa kuti kuganiza sikulipira. Koma njala ya makaniko siingakhale chilolezo chomuika wodwala pangozi pakati pa phiri. Njira yolungama n'njakuti iye alipiritse kufufuza poyera, ife tilipire mosanyinyirika, ndipo chitsulo chisinthidwe pokhapokha atationetsa ndi maso kuti chakale chalephera.

Achiwiri ati vuto ndi ine wokakamira chiphapha cha galimoto, nditaye ndigule yamakono. Awa ndimawafunsa kuti kajumbo kaja kakanagwera m'thanki ya galimoto yamakono, kakanachita manyazi? Mafuta akuda sasankha chaka cha galimoto. Kusiyana kwake n'kwakuti yanga inachira pamsewu ndi sipanala imodzi, pomwe yamakono, imene pampu yake ya magetsi imakhala m'kati mwa thanki ndipo mainjekita ake salola ngakhale kadontho ka madzi, ikanafuna kukokedwa mpaka ku tauni. Sindikunyoza zatsopano, zimamwa mafuta pang'ono ndipo zimateteza bwino pangozi. Koma kumudzi kumene kulibe makina oyezera, galimoto yokonzeka ndi manja ndi chuma. Ndipo makaniko amene walephera kutsata paipi imodzi yooneka ndi maso, mukuganiza kuti adzatani mukamupatsa galimoto ya mawaya mazanamazana? Adzangolosera zodula kuposa.

Achitatu ati mlandu ndi wa kusowa kwa mafuta, kumene kumatikankhira kwa a zigubu. N'zoona kuti mizere ya 2011 inabweranso mu 2022 ndi mu 2024, ndipo munthu wokhala ndi wodwala safunsa kumene petulo wachokera. Ine ndemwe ndinagula, ndipo kajumbo kaja ndinakalowetsa ndi dzanja langa. Pamenepa sindinamizira munthu. Koma kusefa mafuta pa kansalu koyera pothira kumatenga mphindi zingati? Kusiya chigubu chikhazikike kuti madzi adikhe, n'kusathira madontho omalizira, kumalira ndalama zingati? Kuyang'ana kabotolo kagalasi kamodzi pamlungu n'kovuta motani? Amene anakapanga kagalasi anafuna kuti tizikaona. Ndiwonjezere chenjezo kwa achinyamata okonda kuonetsa ukatswiri: musayamwe petulo ndi pakamwa, chifukwa akalowa m'mapapo amavulaza koopsa, musathire petulo pakhosi pa kabuleta wina akuliza injini, chifukwa moto umabwerera kumaso, ndipo m'thanki musasuzumiremo ndi machesi kapena ndudu pakamwa, ngakhale ioneke youma.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi mkulu wa njinga uja. Nzeru imene inapulumutsa malume anga inali kupita kumsika ndi thumba la mbatata, popanda woifunsa. Anthu otere alipo m'maboma onse: madalaivala opuma a ku mishoni, a m'maesiteti, a ku nthambi za boma, amene anaphunzira pa magalimoto amenewa nthawi imene sipeya inkatenga miyezi kuti ifike, ndipo munthu ankayenera kuganiza asanamasule. Akutha mmodzimmodzi, ndipo zimene akudziwa zikulowa nawo m'manda. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero pamaliro ndi pamilandu, koma pa galaja timawaseka kuti ndi achikale. Mnyamata amene lero wagwira sipanala mawa akufuna dzina la injiniya, ndipo amaona ngati kufunsa n'kudzichotsa ulemu. Safunsa anadya phula. Vuto n'lakuti pa nkhani iyi phulalo amadya ndi mwini galimoto pamodzi ndi odwala ake.

Choncho pempho langa ndi lachidule. Eni magalaja, itanani madala amenewa adzakhale pa benchi ngakhale kawiri pamlungu, anyamata anu aone mmene funso limagwirira ntchito. Amakaniko, musanatchule mtengo wa chitsulo, masulani paipi imodzi muone ngati mafuta akufika. Eni magalimoto, phunzirani njira imene petulo amayenda m'galimoto yanu, ndipo munthu akakuuzani kuti chakutichakuti chafa, mufunseni mwaulemu kuti wachiyesa bwanji. Akakwiya ndi funsolo, tsekani boneti muzipita.

Kabuleta yanga yakale ija ndinakaitenganso ku galaja yoyamba, komwe ndinaipeza ili pashelefu ikudikira kugulitsidwa kwa munthu wina. Ndinaitsuka, ndinaisintha timphira, n'kuibwezera pamalo pake, chifukwa yatsopano ija inkamwa mafuta ngati chidakwa. Mpaka lero ndi imene ikuyendetsa galimotoyi. Kajumbo kaja ndinakasunga m'kabotolo pa dashibodi, ndipo aliyense wondiuza kuti "Bwana, ndi kabuleta iyi" ndimayamba ndamuonetsa kameneko.